Chikombole Chaching'ono

Lolemba, 14 Januwale 1991

Andigoneka. Chipinda 614, bedi la pawindo. Pamkono andimanga kalamba kolembedwa Verna Kosko, zaka 57, ngati katundu wokwera basi. Kabukuka wandigulira ndi mwana wanga Trudy, akuti ndizilembamo m'malo mokalipira manesi. Tiona.

Dokotala Haddad sanazungulire. Mtima wanga watupa ndipo wafooka, magazi ukungowakankha pang'onopang'ono. Pakufunika mtima wa munthu wina, ndipo dzina langa alilemba pa mndandanda wa odikira. Pakali pano mankhwala a m'diripu. "Mankhwala akalephera mtima usanapezeke, tidzakambirana zina," anatero, maso ali pa nsapato zawo.

Zinazo ndikuzidziwa, adokotala. Ndimapanga ndine.

Windo langa likuyang'ana ku labu kumene ndagwira ntchito zaka 22, kutsidya kwa malo oimika magalimoto. Kumeneko timapanga pampu yothandiza mtima. Amaiika m'mimba, kunsi kwa nthiti za kumanzere. Imalandira magazi kuchokera ku mtima wotopa n'kuwakankhira m'thupi, kuti wodwala akhale moyo mpaka mtima wina utapezeka. M'kati mwa chitsulo chake muli kathumba kofewa kamene kamafinyika ndi kufutukuka. Kathumbako ndiye ntchito yanga. Ndimaviika chikombole chachitsulo m'pulasitiki wamadzi kasanu ndi katatu, polowetsa ndikunena pemphero la Tikuoneni Maria kamodzi, potulutsa kawiri. Mainjiniya anandigulirapo wotchi yoyezera nthawi, ine ndinawabwezera.

Lachitatu, 16 Januwale

M'mawa uliwonse sikelo, tisanamwe ndi tiyi yemwe. Lero mapaundi 104. Madzi makapu anayi patsiku, ndipo mkodzo uliwonse amauyeza. Mchere ndi woletsedwa. Dzira lopanda mchere ndi chilango, amene sanalawe asatsutse.

Pamzere wa sikelo ndakumana ndi a Roscoe Gaines a m'chipinda choyang'anizana ndi changa, chimunthu ngati chitseko cha tchalitchi, oyendetsa mabasi a ku Youngstown. Ndinawamva ndisanawaone. Phu-tsa, phu-tsa. Amakankha kangolo ka makina, paipi ikutuluka pansi pa malaya.

"Musaope mayi, si bomba," anatero. "Ine ndiye wotchi ya pa wodi pano."

"Nambala yake ndi chani?"

"Ya chani?"

"Ya pampuyo."

Anawerama n'kuwerenga kakhadi ka pangolo. "47."

Ndinafuna mpando. Kathumba ka 47 ndinakaviika mu Ogasiti, tsiku lotentha, fani itafa. Zaka zonsezi mapampu anga ndawamva akulira m'mimba mwa ana a ng'ombe ndi m'mathanki a madzi. Mwa munthu woyankhula, wonunkhira sopo wometera, ndinali ndisanamvepo. Ife a ku labu satiitana kuno.

Nditawauza anachita kugwira pakamwa. "Ndiye mwandilowa m'mimba osagogoda ndinu? Dikirani akazi anga amve!"

Loweruka, 19 Januwale

Kwabwera a Wendell Akers, abwana anga, amene anajambula pampuyi papepala ine ndisanamere imvi. Maluwa awo manesi awalanda pakhomo. Anakhala kumiyendo kwa bedi akuseweretsa makiyi. Anandiuza za mwana wa ng'ombe watsopano, akuti amutcha Meya chifukwa amadya osagwira ntchito. Anandiuza za chipale chofewa chimene chatseka msewu wa kwawo. Zonse anandiuza kupatula chimene anabwerera.

"A Wendell, tchulani nambala," ndinatero.

"Verna, tisathamange."

"Tchulani. Poilemba ndinalipo, khofi ndinakuphikirani ndine."

"Pa msinkhu wanuwo, mapaundi 125."

Ndi lamulo lathu lomwe. Pampu ndi yaikulu ngati mbale ya supu, ndipo munthu wosafika pa nambala imeneyo sapatsidwa. Tinaiyezera pa ana a ng'ombe chifukwa ndiwo tinali nawo m'khola, kenako pa mitembo ya asilikali opuma, amuna okhaokha a zifuwa ngati migolo. Mkazi amene ankawaphikira khofi palibe anaganiza zomuyeza.

Ndikuperewera mapaundi 21.

Lachiwiri, 22 Januwale

Andilowetsa kapaipi pakhosi mpaka mumtima kuti ayeze mphamvu. Manambala atsika poyerekeza ndi a Lolemba lapita. Mankhwala a m'diripu awonjezera, mapiritsi okodzetsa tsopano awiri m'mawa. Kupita kubafa ndimapumira panjira kamodzi.

Trudy wabweretsa supu wa nkhuku wopanda mchere. Wandifunsa ngati pampu yathu singandithandize. Ndamuuza kuti madokotala akuganiza. Ndamunamiza mwana wanga, ndipo ananyamula mbale zake akumwetulira.

Ndikuchita mantha. Ndalemba, basi.

Lachisanu, 25 Januwale

Ndayamba kudya ngati ndalembedwa ganyu. Phala, mbatata zophwanya, chigumu chilichonse cha pa thireyi. A Gaines amanditumizira zotsekemera zawo kudzera kwa nesi Corliss, akuti iwo akuchepetsa thupi kuti akalowe suti ya ukwati wa mdzukulu wawo mu Meyi. Koma mimba ya munthu wa mtima wofooka imadzaza ndi masipuni atatu. Ndadya mpaka kulira.

Sikelo: 105. Sabata yathunthu, paundi imodzi!

Lolemba, 28 Januwale

Ndilembe zoona, kabuku sikanena kwa dokotala.

Mnofu sukubwera, koma madzi amabwera msanga, ndipo sikelo sidziwa kusiyanitsa. Mapiritsi okodzetsa ndikumawasunga pansi pa lilime, nesi akatuluka ndimawaika m'silipasi. M'chipinda cha alendo muli timapaketi ta mchere pafupi ndi makina a khofi. Kubafa kuli mpopi.

A Gaines anandipeza ndikuthira mchere m'dzanja n'kumanyambita ngati mbuzi.

"Achemwali, mukuchita chani?"

"Ndikunenepa."

"Zimenezo zimapha. Ngakhale ine wa mabasi ndikudziwa."

"Inu muli ndi 47 wanu. Ndisiyeni ndifike pa 125, andiike pampu, madziwo adzawachotsa pambuyo."

Anatembenuza kangolo kawo. "Sindinaone kanthu," anatero. "Koma sindigona bwino."

Lachisanu, 1 Febuluwale

112. Mkodzo ndikumawonjezera madzi a pampopi kuti muyezo ukwane. Corliss akuti sakumvetsa. Mapiritsi awachulukitsa, silipasi ikudzaza.

Lolemba, 4 Febuluwale

118. Miyendo ngati mitsamiro, ukadina chala chimasiya dzenje. Ndikugona chokhala. Mpweya akundipatsa pamphuno. Atsala asanu ndi awiri.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Ndili m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Lachitatu m'mawa ndinakwera sikelo, ndinaona 121, kenako ndinayamba kumira nditaimirira. Thovu linkatuluka pakamwa. Madzi anali atalowa m'mapapo. Akuti a Gaines anakuwa mpaka anamveka pa lifiti: "Onani m'silipasi mwake! Onani m'silipasi!" Anapezamo mapiritsi 26.

Madzi awachotsa. Sikelo ya pabedi: 99.

Lolemba, 11 Febuluwale

Ndabwerera ku 614. Dokotala Haddad anabwera okha, atanyamula kanthu m'thumba la pepala, n'kutseka chitseko. Munthu ameneyu ndinamudziwa ali wophunzira, anakomoka m'khola mwathu tsiku loyamba kuona mwana wa ng'ombe atang'ambidwa, ndipo madzi ndinamuthira ndine. Lero anandikalipira ngati mwana wa sukulu.

"Mayi Kosko, inu weniweni? Mumaganiza kuti ine ndimang'amba sikelo? Ndimang'amba munthu!"

"Lamulo likuti 125."

"Lamulo munalemba nokha kuti muteteze anthu ang'onoang'ono kwa ine. Gonani chagada."

M'thumbamo munali pampu yamtengo, imene timayezera malo opaleshoni isanachitike. Ndinaidziwa, vanishi wake ndinapaka ndine. Anaiika pamimba panga, kunsi kwa nthiti. Pamwamba inakwera panthiti, pansi inakhala pafupa la chiuno, m'mbali inapitirira mchombo. Anaisuntha uku ndi uku, mofatsa, ngati akufuna kuti imunamize. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pamwamba pake.

"Yezani nokha. Nditakuikani iyi, mimba singatsekeke. Ingafinye matumbo ndi chifu. Mungafere patebulo panga."

Ndinayeza ndekha. Ife a ku labu timakhulupirira nambala kuposa maso. Ndinkadziwa kuti nambalayo inangoimira malo a m'mimba, koma ndinasankha kuiwala.

Atatuluka ndinalira mokweza, osabisa, mpaka Corliss anabwera kudzatseka katani.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Tsiku la Phulusa. Ansembe adutsa ndi kambale kawo, andipaka pachipumi. Mawu awo aja onena za fumbi ndinawauza kuti ndawamva kale kwa adokotala.

A Gaines anagogoda, sindinayankhe. Anaima pakhomo, phu-tsa, phu-tsa, kenako anapita.

Lamulungu, 17 Febuluwale

A Wendell abwera atavala jekete la ku tchalitchi. Sanakhale pansi.

"Verna, cholakwa ndi changa. Mukukumbukira pampu yaing'ono ija ya 1980? Timatumba take titang'ambika ndinatseka nkhaniyo. Ndinati amayi sadwala mtima kwambiri, tiyambe ndi amuna, yaing'ono tidzaionanso. Zaka khumi ndi chimodzi zapita. Sabata ino ndagwetsa makabati onse kufuna chikombole chake, sichikupezeka. Anachisula Ferenc, mmisiri wathu wa zitsulo uja, ndipo anamwalira osasiya chojambula. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, abwana."

Anagwedeza mutu, anavomera. Munthu wa zaka 66 anatuluka atawerama ngati wanyamula thumba la simenti. Ndinamusiya apite choncho.

Lolemba, 18 Febuluwale

Chikombolecho chili kwanga. Chili pawindo la kukhitchini, ndimatchingira windo kuti lisatsekeke ndikamakazinga anyezi.

Nkhani yake ndi iyi. Pa chikombole chachikulu sindinaonongepo kathumba ngakhale kamodzi, ndipo labu yonse inkadziwa. Alendo akabwera a Wendell ankati, "Awa ndi manja athu agolide." Ndiye kunabwera chaching'onocho. Ndinaviika timatumba 14, monga ndimachitira, kasanu ndi katatu. Tonse tinang'ambika m'thanki, pakona pomwe pamapindika, tina patangotha masiku atatu. Mainjiniya achinyamata anayamba kunong'ona kuti Verna wakalamba. Pamsonkhano ndinaimirira n'kunena kuti vuto si manja anga, kathumba kakang'ono sikatheka, pulasitiki sangapirire. Anandikhulupirira, chifukwa anali manja agolide akuyankhula. Madzulo ake ndinachiponya m'chikwama kuti wina asadzayese n'kupambana pamene ine ndalephera.

Amayi angati anabwezedwa pa wodi ino zaka khumi ndi chimodzi chifukwa anali ang'onoang'ono? Sindinafunsepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu, 22 Febuluwale

Impso. Tsiku lija ndinamira, magazi sanazifike mokwanira, ndipo nambala yosonyeza kuonongeka kwake ikukwera tsiku ndi tsiku: 1.9, 2.4, lero 2.9. Dokotala Haddad akuti mtima watsopano sapatsa munthu wa impso zotere, mankhwala ake angazimalize. Dzina langa alichotsa pa mndandanda, akuti "pakadali pano."

Trudy anali pomwepo. Adokotala atatuluka ananditembenukira.

"Amayi, mchere? Ine ndikuphika supu wopanda kanthu, kulawa ndekha mpaka nseru, inu mukunyambita mchere kuseri?"

"Ndimafuna kukhala moyo, mwanawe."

"Mukanandiuza! Ndikanakumangani manja!"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Patapita mphindi khumi anabwerera, anakwera pabedi ndi nsapato zomwe, n'kuika mutu paphewa panga monga ankachitira bambo ake atangomwalira. Tsitsi lake layamba imvi, ndinali ndisanaone.

Lamulungu, 24 Febuluwale

Ndapita kwa a Gaines pa njinga ya odwala. Ndinawauza kuti ndi akazitape. Anati inde, ndipo angachitenso mawa. Akazi awo, mayi Ernestine, anandipempherera atandigwira mutu, pemphero la mpingo wawo lalitali mpaka khosi linandipweteka.

Ndinapempha kumvera. A Gaines anakweza malaya, ndinaika khutu pamimba pawo. Kathumba kakudzaza bwino, kakufinyika mpaka kumapeto, palibe kukhuluza.

"Kali bwanji, amisiri?"

"Kali bwino. Mwini mimba ndiye wachuluka phokoso."

Lachitatu, 27 Febuluwale

Mtima wa a Gaines wapezeka. Anawatenga nthawi ya kadzutsa, phala lili pakamwa. Podutsa pakhomo panga anaimitsa owakankha.

"Achemwali, katundu wanu ndikukabweza. Ndamusamala."

"Pitani, suti ikudikira."

Ndasangalala, Mulungu akudziwa. Ndachitanso nsanje mpaka kumva kuwawa m'kamwa. Zonse ziwiri n'zoona. Wodi yangoti zii, ndipo ndazindikira kuti masabata onsewa ndimagonera phokoso lija.

Loweruka, 2 Malichi

Impso 3.3. Sikelo 96. Kusanza. A Gaines adzuka, akuti apempha nyama.

Lolemba, 4 Malichi

Mwambo wathu ndi woti pampu ikachotsedwa, kaya mwa ng'ombe kaya mwa munthu, imabwerera ku labu, timaitsegula, ndipo kathumba amakayendera ndi amene anakaviika. A Wendell sanaphwanye mwambo. Abweretsa ka 47 m'botolo, ndi galasi langa lokulitsira, ndi fomu.

Corliss anandikhazika ndi mitsamiro itatu. Ndinakatembenuza pawindo, mbali ndi mbali. Masiku 139 m'mimba mwa munthu. Mng'alu palibe. Magazi oundana palibe. Pakona posalala ngati tsiku limene ndinakavula pachikombole. Sindinapangepo kabwino kuposa aka.

Ndinasaina. A Wendell anati, "Manja agolide." Ndinawauza kuti asadzanenenso mawu amenewo ndikumva. Sanamvetse, ndipo ine ndinalibe mpweya wofotokozera.

Lachisanu, 8 Malichi

Lero ndilemba zambiri ngakhale zinditengere tsiku lonse.

Lachisanu la nyengo ya Lenti kwathu timadya mapirogi, timitanda ta ufa wa tirigu tokutira mbatata ndi tchizi, towiritsa m'madzi. Adokotala alola, akuti tsopano ndidye chimene ndikufuna. Ndikudziwa tanthauzo lake. Trudy anabweretsa ting'onoting'ono ngati chala chachikulu, chifukwa akuluakulu akunditsamwa.

Ndinatenga kamodzi n'kukayang'ana. Ndi chizolowezi, chilichonse chopinda ndimayang'ana pakona. Kanali kosaphulika. Tonse m'mbalemo tinali tosaphulika.

"Iwe, wachita bwanji? Ine ndikapanga tating'ono timaphulika m'poto."

"Inu mumapanga ndi mtanda wokhuthala ngati wa akuluakulu. Agogo ankati kakang'ono mtanda wake upyapyale. Ukakhuthala supindika, umathyoka pamsoko. Simukukumbukira? Ankakukalipirani chaka chilichonse."

Foloko inagwa.

Kasanu ndi katatu. Chikombole chaching'ono ndinkachiviika kasanu ndi katatu ngati chachikulu, chifukwa ndimo ndinkadziwira, ndimo ankanditamira. Khungu lokhuthala pakona yothina. Timatumba 14, ndipo sindinayesepo ngakhale kamodzi kuviika kasanu. Ndinkaona ngati kuchepetsa n'kufooketsa. Yankho linali m'khitchini mwa amayi anga, ndipo chikombole ndinachiika m'khitchini momwemo, chikundiyang'ana ndikukanda mtanda zaka khumi ndi chimodzi.

Ndinalira mpaka makina anayamba kulira nawo, manesi anathamanga. Trudy ankangoti, "Amayi, ndalakwa chani? Achuluka tsabola?"

Mpweya utabwerera ndinamutuma. "Pita kunyumba. Pawindo la kukhitchini pali kachitsulo kaja."

"Kotchingira windo?"

"Komweko. Ukakatsuke, kali ndi mafuta. Uwaimbirenso a Wendell."

Lamulungu, 10 Malichi

Ndawauza zonse, Trudy ali pomwepo. Ndinaika chikombole pabulangete, pakati pathu.

A Wendell anachitola. Nkhope inafiira mpaka m'makutu. Zaka 22 sindinawamvepo akukweza mawu.

"Ndagwetsa makabati onse, Verna! Ndapita mpaka kwa mkazi wa Ferenc kukasanthula m'galaja! Ndakhala ndikuwerenga maina a amayi amene tinawabweza, ndikudziuza kuti ndinawapha ndine!"

"Alipo angati?"

"Pa chipatala chino chokha, 31."

"Tigawane," ndinatero. "Koma ochuluka ndi anga."

Anapita pawindo, anaima chotifulatira. Ndinaganiza kuti atuluka osabweranso, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Kenako anafunsa, osatembenuka, "Mwati kasanu?"

"Kasanu. Mwina kanayi pakona. Mukatulutsa muzichizondotsa msanga, pulasitiki asaunjikane pansi."

"Ndionetseni."

Trudy anatsika kukantini kukagula uchi, anauthira m'kapu. Manja anga sanathe kunyamula chikombole, chinagwera m'kapumo. Ndiye anagwira ndi a Wendell, ine n'kuika manja anga pamwamba pa awo. Amatulutsa mothamanga ngati akuba.

"Pang'onopang'ono! Tikuoneni Maria awiri!"

"Ine ndine wa Methodisti, Verna."

"Muphunzira. Trudy, alembere."

Mpaka nthawi ya alendo inatha, injiniya wamkulu wa labu akunena pemphero la Akatolika akudodoma, uchi uli m'mikono ya malaya. Corliss anasuzumira n'kunena kuti waona zambiri pa wodi ino koma izi ayi.

Ndinawafunsa pakhomo kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Ndinkadziwa, koma ndinafuna atchule.

"M'thanki miyezi isanu ndi umodzi. Kenako nkhosa, ng'ombe zingakule msanga. Kenako chilolezo. Zaka zitatu zikayenda bwino."

"Ndiye mukuimiranji pamenepo?"

Lachinayi, 14 Malichi

Impso 4.1. Andifunsa za makina otsuka magazi. Dokotala Haddad akuti mtima sungapirire kwa nthawi yaitali. Ndakana. Trudy wavomera, wasaina akulira.

A Gaines abwera ndi miyendo yawo, opanda ngolo. Sindinawamve akubwera, ndinadzidzimuka. Akuti chete ameneyu akuwasowetsa tulo, mayi Ernestine awagulira wotchi yaphokoso yoika pansi pa mtsamiro. Anandisonyeza chithunzi cha suti. Anandigwira dzanja n'kunena kuti pa ukwati adzandivinira nyimbo imodzi. Ndinawauza kuti asagwe, ntchito ya adokotala ingaonongeke.

Loweruka, 16 Malichi

Kathumba koyamba ka a Wendell. Pakona pakhuthala, pali thovu limodzi. Ndabweza. Anati ndine nkhanza.

Lachiwiri, 19 Malichi

Kachiwiri. Ndabweza. Akuthamangabe pa pemphero lachiwiri.

Kugona kwambiri. Diripu achepetsa. Ansembe andidzoza.

Loweruka, 23 Malichi

Akulemba ndi Trudy, ine ndikunena.

A Wendell abwera ndi kathumba kachisanu. Trudy wandigwirira galasi. Pakona papyapyala, kuwala kukudutsa mofanana mbali zonse. Thovu palibe. Ndakapinda ndi chala kakhumi, kakubwerera kokha. Ndasaina, ngakhale dzinalo silikuwerengeka.

Abweretsanso pampu yamtengo yaing'ono, asema okha m'galaja mwawo, vanishi wosauma bwino. Akuti amangofuna ndiione. Ndawauza kuti pampu yamtengo siyoonera, ndi yoyezera. Trudy wandikweza malaya.

Yakhala. Kunsi kwa nthiti, pamwamba pa chiuno, osafika pamchombo. Patsala malo olowa chala.

A Wendell akhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Ndawasiya alire pang'ono. Inenso mtima ukundipweteka, sindibisa. Ndikanakonda kuona masika, ndikanakonda woikidwa pampuyi akhale ine. Koma mpweya ndi wochepa, ndiye ndawauza atulutse cholembera.

Trudy ali ndi tepi yake yosokera m'chikwama. Wandiyeza monga ndamuuzira. Kuchokera kunthiti yomaliza mpaka fupa la chiuno, mainchesi anayi ndi theka. Kuzungulira mimba, 24. Msinkhu, mafiti anayi ndi mainchesi khumi ndi limodzi. Sikelo ya m'mawa uno, 93.

A Wendell, polemba lamulo latsopano musayambire pa ng'ombe. Muyambire pa manambala awa. Akadzabwera mayi wa mapaundi 93, musadzamubweze.

Trudy, chikombole chikhale kwa a Wendell, chisabwererenso kunyumba. Pawindo paja uzitchingira ndi supuni yamtengo.